Fulasiki ya K350 Imene Inamwetsa Mkazi Wanga Madzi Ozizira

K350. Ndizo ndalama zimene ndinapereka kuti mkazi wanga apatsidwe madzi ozizira masiku anayi ali gone m'chipatala.

Inu a m'gulu lino la George ndi Matero, werengani mpaka pansi. Sindilembalemba. Ndimalemba ndi chala chimodzi ndipo foni ndi yaing'ono. Dzina la sitolo sinditchula, poti oyang'anira gulu amafufuta. Ndi sitolo ya mapoto, mbale ndi mafulasiki ku Matero. Eni ake akudzidziwa.

Ine ndine Mbewe wa ku George. Zaka 74. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4 kwathu ku Katete. Ndamanga nyumba mu Lusaka muno zaka zoposa makumi anayi. Njerwa sindigula ndi maso. Ndimaigogoda ndi kumvera. Yopsa bwino imalira. Yosapsa imangoti phu. Khutu langa landidyetsa moyo wanga wonse.

Mkazi wanga, aNaphiri, takhala nawo zaka 51. Anadwala pammero. Chakudya chinaleka kutsika. Madzi ozizira akangowafika pakhosi ankatsamwa, kutsokomola mpaka misozi. Ofunda okha ndiwo ankatsika, pang'onopang'ono. Adokotala anati azimwa pafupipafupi tsiku lonse. Mwana wathu Esinati ali pa ntchito ku Solwezi. Choncho wonyamula madzi ndinali ine.

Kuwodi alendo amalowa kawiri, 6 koloko m'mawa ndi 16 koloko. Ola limodzi, kenako panja. M'mawa ndinkasiya fulasiki yodzaza. Madzulo ndinkabwera ndi kaphala kamadzimadzi, ndi kutenga fulasiki kuti ndikadzazenso. Ntchito ya fulasiki inali imodzi basi: kusunga madzi ofunda kuchokera 6 mpaka 16.

Tinali ndi yathu yakale, ya galasi mkati. Lolemba lina kondakitala anakankha chikwama changa potsika minibasi. Ndinamva galasi likuphwanyika.

Lachiwiri, 10:20, ndinalowa m'sitolo muja. Pa kauntala panali mtsikana wa zikhadabo zazitali zofiira. Maso pa foni.

"Mufuna chani, ba shikulu?" Ndiko kunena kuti agogo.

"Fulasiki yolimba. Ndi ya wodwala."

Analoza ndi chikhadabo, osadzutsa mutu. "Ija yosiliva. Ni ya nsimbi. Twente-fo awazi."

Ndinaitenga pa shelefu. Ndinatsegula chivindikiro. Ndinaika kamwa lake pakhutu. Amene munakula ndi mafulasiki mukudziwa. Yamoyo imalira m'khutu, huuu, ngati mphepo ya kutali. Yakufa imakhala ngati chitini. Imeneyo inalira bwino.

Apa ndi pamene mtsikana anadzutsa mutu.

"Ba gadi, bwelani muone! Ba shikulu batuma foni mu fulasiki!" Anaika dzanja pakhutu. "Halo? Halo? Netiweki iliko, ba shikulu?"

Mlonda anaseka. Azimai awiri amene ankasankha mbale anaseka. Ine sindinaseke. Ndinati ndatenga yomweyi.

Iye anati imeneyo ndi yoonetsera chabe, sagulitsa. Analowa kumbuyo ndi kubwera ndi bokosi lomata ndi tepi. Ndinayamba kukanda tepiyo ndi chala.

"Mukasegula muno, galanti yafa," anatero. "Olo mufuna kutuma foni futi?"

Anasekanso onse.

Ndinene zoona, pakuti sindine munthu wobisa pamene ndalakwa. Ine amene ndinabwezapo lole yodzaza njerwa chifukwa cha kulira kwa njerwa imodzi, ndinachita manyazi ndi mwana wa zikhadabo zopenta. Ndinalipira. Ndinatenga lisiti. Ndinatuluka bokosi lili chitsekere.

Kunyumba ndinatsegula. Ndinaika pakhutu. Sinalire. Ndinadziuza kuti khutu latopa ndi phokoso la mumsewu. Ndinadzinamiza, chifukwa kubwerera kunali kukasekedwa kachiwiri.

Lachitatu ndinadzuka 4 koloko. Madzi ndinali nditatunga dzulo lake pa kiyosiki. Ndinakoleza mbaula, ndinawiritsa, ndinadzaza. M'minibasi chikwama chinali m'nthiti mwanga ndipo ndinkamva kutentha kukudutsa nsalu. Ndinati mumtima, iyi ndiye fulasiki, mphamvu mpaka kunja. Chitsiru cha nkhalamba. Kutentha kumene ndinkamva m'nthiti ndiko kunali kuthawa m'madzi a mkazi wanga.

Kuwodi ndinaiimika pa kakabati ka pambali pa bedi kuti onse aione. Ndinalankhula mokweza. "ANaphiri, iyi ndi yachitsulo. Madzi mpaka mawa."

Anamwetulira. "Zikomo, aMbewe."

Ndinawathirira. Nthawi imeneyo anali akadali ofunda. Anamwa.

Madzulo ndinapeza fulasiki yopanda kanthu. Ndinakondwa. Lachinayi chimodzimodzi. Lachisanu chimodzimodzi. Ndinafika poimbira Esinati kuti amai ako tsopano akumaliza fulasiki yathunthu.

Loweruka 16 koloko ndinawapeza ali pa dilipi. Milomo yosweka. Anesi anandiuza kuti thupi lauma, amai awa sakumwa. Ndinakana. Ndinati akumaliza fulasiki tsiku lililonse. Ndinakweza mawu kwa munthu wosalakwa.

Pa bedi loyandikana panali amai Zulu a ku Chawama, amene ankadwazika amai awo. Anandikoka malaya kupita pakhonde.

"Atate, musakwiye. Ikamakwana 9 koloko madzi aja amakhala ngati a pa mpopi. Amayesa kumwa, amatsamwa. Ndiye amandipempha kuti ndikataye inu musanafike. Ndimawagawirako anga, koma fulasiki yanga ndi yaing'ono, ndipo amai anganso akumwa momwemo."

Ndinabwerera pa bedi. Ndinafunsa kuti bwanji simunandiuze.

Mawu awo anali atatsala a kunong'ona. "Munali mutakondwa nayo, aMbewe. Ndikanati chiyani?"

Masiku anayi. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka. Mkazi wodwala pammero akuyang'ana chitsulo chonyezimira, ludzu lili pakhosi, kusunga ulemu wa mwamuna wake.

Lamulungu sitolo inali yotseka. Ndinakulunga fulasiki m'juzi yanga. Madzi anakhala ofunda mpaka 10 koloko m'malo mwa 9. Yogula ina ndinalibe. Zotsala m'thumba zinali zokwerera minibasi.

Lolemba m'mawa ndinathira madzi anga m'fulasiki ya amai Zulu, otsala m'kapu. Ndinauza aNaphiri kuti ndikupita kukasintha, madzulo ndibwera ndi yabwino.

Anandigwira dzanja. "Musachedwe. Mubwere ndi mpango wanga woyera wa kutchalitchi. Ndili ndi mawu."

"Mawu anji?"

"Madzulo. Tsopano pammero pakuwawa."

Ndinawerengera bwino. Kusintha fulasiki, kupita ku George, kuwiritsa madzi, kuphika kaphala, kutenga mpango, minibasi ziwiri. Ndikatuluka m'sitolo isanakwane 13 koloko, ndifika.

08:40 ndinali pa kauntala. Mtsikana yemwe uja. Foni yomwe ija.

Ndinaika fulasiki ndi bokosi lake patsogolo pake. Ndinati siisunga kutentha, ndipatseni ina. Ndalama sindinapemphe. Ndinapempha fulasiki yogwira ntchito.

Anati sakundikumbukira. Makasitomala ndi ambiri.

Lachiwiri ndinali sewero la sitolo yonse. Lolemba ndine mlendo?

Ndinatulutsa lisiti. Inali m'chikwama chimodzi ndi fulasiki masiku onsewo, ndipo kapepala kaja kakatenthedwa kamada. Mbali imodzi inali bii. Anaigwira ndi nsonga za zikhadabo ngati nsanza ya kuchimbudzi.

"Iyi siioneka. Tingaziwe bwanji kuti ni yathu?"

Ndinati dzina la sitolo likuoneka pamwamba. Ndinati chimene chadetsa lisiti ndi fulasiki yanu yomweyi. Fulasiki yamoyo sitentha pepala. Lisitiyi ndiye mboni yanga.

"Ine siniziwa va sayansi, ba shikulu. Yembekezani ba manija."

Ndinafunsa kuti ali kuti. Anati apita ku banki, abwera tsopano lino.

Ndinamuuza kuti mkazi wanga ali m'chipatala, sangamwe madzi ozizira, ndipo ndiyenera kufika 16 koloko. Ndinanena mawu amenewa momveka. Asadzanene kuti sanadziwe.

Yankho lake: "Bonse bali na mapulobulemu." Ndi kubwerera pa foni.

9 koloko. Mpando palibe. Ndinatsamira shelefu. Mlonda anati ndisatsamire katundu. Ndinaima chilili.

10 koloko. "Bali mu njila."

10:35 kunabwera mai wina ndi mwana kumbuyo, akufuna fulasiki yosungira madzi a mkaka wa mwana. Mtsikana analoza ija ya pa shelefu. Twente-fo awazi. Analowa kumbuyo, anatuluka ndi bokosi la tepi. Ndinati, mai, tsegulani muike pakhutu musanalipire.

Mtsikana anaimirira. Kanali koyamba kumuona akufulumira.

"Ba gadi, aba ba mudala baononga bizinesi. Bachoseni."

Mlonda, mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wanga, anandigwira pa chigongono. "Tiye panja, mudala. Ukayembekezele kuja."

Ndinamuuza kuti achotse dzanja. Ndinatuluka ndekha. Ndinaima pakhomo, padzuwa la mwezi uno, lopanda ngakhale mthunzi wa waya. Mai uja anatuluka ndi bokosi lake losatsegula. Sanandiyang'ane. Ngati mukuwerenga, mai, mwana wanu akumwa chiyani?

11 koloko. Ndinasuzumira. "Faivi minitsi."

12 koloko. "Faivi minitsi, ba shikulu. Simumvela?"

13:10 chitseko cha kachipinda ka kumbuyo chinatseguka. Anatuluka mwamuna wa tayi, mimba patsogolo, akutokosa m'mano. Fungo la nkhuku ndi tchipisi linatuluka naye. Ameneyo ndiye manija.

Sitolo ija ili ndi khomo limodzi. Ine ndinali m'sitolomo ndi pakhomopo kuyambira 08:40. Ndiuzeni, anthu a ku Matero. Banki yake ili m'kachipinda? Amaika ndalama m'mbale ya tchipisi?

Ndinalowa. Ndinafotokoza kachiwiri, kuyambira poyamba, ndi za chipatala zomwe. Anamvetsera akuyang'ana kachitokoso kake.

"Munaikamo manzi yakupya maningi, ba tate."

Ndinafunsa kuti fulasiki amaikamo chiyani. Mchenga?

"Olo munaigwesa."

Ndinati yang'anani. Anaitembenuza uku ndi uku. Inalibe ngakhale kachipsera.

"Aya mafulasiki tagulisa yambili. Palibe anabwezapo. Mwina simuziwa kusebenzesa."

Zaka 74, ndipo sindidziwa kuthira madzi m'botolo.

Ndinatenga fulasiki ndi kuwoloka msewu. Tsidya lija pali amai ogulitsa tiyi ndi vitumbuwa. Ketulo yawo inali ikuwira pa mbaula. Ndinapempha madzi. Anandidzazira osafunsa ndalama. Anangoti, "Inanso ya mmenemo?" Ndinatseka chivindikiro, ndinaigwira ndi mpango wa m'thumba, ndinabwerera. Ndinaiimika pa kauntala. Ndinayang'ana wotchi yanga mphindi zisanu. Zanga zenizeni, osati zawo zija. Anthu ogula anayamba kusonkhana.

Ndinati, "A manija, fulasiki yabwino kunja imazizira ngakhale mkati muli moto. Yanu mukuti ndi yabwino. Igwireni."

Anaseka. Anaigwira pakati ndi dzanja lonse, ngati mwamuna.

"Yaba!"

Anaiponya. Inagubuduka pa kauntala ndi kugwa pa simenti. Anayamba kuuzira zala, akudumphadumpha ndi mimba yake. Sitolo yonse inaseka, ndipo ulendo uno sankaseka ine. Sindibisa, ndinamva kukoma. Ndikanakonda akanaigwira ndi manja onse awiri.

Anatola fulasiki ndi kansalu. Pansi pake inali itafwanyika.

"Manje onani. Ili na denti. Galanti siigwila pa vintu vogwa."

Mverani bwino. Waigwetsa yekha, pamaso pa anthu oposa khumi, ndipo akuti galanti yafa chifukwa yagwa.

Mai wina wogula anati, "Ndimwe mwagwesa, ba bosi. Taona tonse." Wina anati apatseni ina madalawa, azipita kuchipatala. Manija anaona kuti anthu ayamba kubweza katundu pa shelefu. Mawu anasintha.

Anati chabwino, andithandiza. Koma iye alibe mphamvu yosintha katundu. Pafunika kulemba fomu. Fulasiki itsale, ipite kwa amene amawaodetsa, akaiyeze. Masiku 14 a ntchito.

Ndinaloza shelefu. Ndinati ndipatseni ija yoonetsera. Ndinaimvera ndekha, ndi yamoyo. Anati imeneyo ili m'buku la sitoko, singatuluke. Ndinati ndibwerekeni, ndidzabweza mkazi wanga akatuluka. Ine Mbewe, amene sindinapemphepo ngakhale mchere kwa mnansi, ndinapempha. Ndinavula chipewa.

"Iyi ni shopu, ba tate. Si chalichi."

Ndinati lembani fomuyo tsono. Inali 13:35.

Buku la mafomu linali m'dilowa. Dilowa yokhoma. Kiyi ali ndi mtsikana. Mtsikana watuluka kukadya pamene ife tinkakangana.

"Faivi minitsi."

Mudzafunsa kuti bwanji sindinachoke. Ndadzifunsa ndekha koposa mmene mungandifunsire. Ndikanachoka ndi chitini chofwanyika, chopanda pepala, nkhani ikanathera pomwepo. Ndipo ndinali nditalonjeza. Ndinati ndibwera ndi yabwino. Ndinkafuna kufika ndi kanthu m'manja, ngakhale pepala. Kunyada komwe kuja kumene kunandiletsa kutsegula bokosi.

Mtsikana anabwera 14:50. Chikhadabo chimodzi chinali chonyowa, chopentedwa kumene. Kiyi anatulutsa ndi zala ziwiri kuti asachiwononge. Bolopeni yoyamba sinalembe. Yachiwiri anakaifuna kumbuyo. Dzina. Nambala ya reji, chiphaso changa cha boma. Nambala ya foni. Anandifunsa kuti Mbewe amalemba bwanji. Kenako fomu inafuna siginecha ndi chidindo cha manija, ndipo manija anali pa foni, akuseka ndi wina, chala chake chili m'kapu ya madzi ozizira.

15:20 ndinatuluka. Maola asanu ndi limodzi ndi mphindi makumi anayi. M'manja kapepala kachikasu. Fulasiki palibe.

Ku George sindikanapitanso. Mpango, kaphala, madzi, zonse zinatsala. Ndinakwera minibasi ya m'tauni. Inaima kudikira kuti idzaze. Ndinapempha kondakitala, anati mafuta sagula ndi chisoni. M'tauni magalimoto anali atathinana. Minibasi yachiwiri inakwawa ngati nkhono. Mtunda wotsiriza ndinatsika ndi kuthamanga. Nkhalamba ya zaka 74 kuthamanga m'mbali mwa msewu, chikwama chopanda kanthu chikumenya m'nthiti.

17:15. Chitseko cha wodi chotseka. Wapakhomo anati nthawi yatha. Ameneyo sindimuimba mlandu. Lamulo lake ndinkalidziwa, ndipo sanandinamize kuti faivi minitsi.

Amai Zulu anandiona pa galasi la chitseko. Anatuluka.

"Anakufunsani kawiri, atate. Nthawi yonse maso anali kukhomo. Tsopano agona."

Ndinafunsa ngati anasiya mawu. Anati ayi. Anati mawuwo ndi a aMbewe okha.

Lachiwiri 6 koloko ndinafika ndi mpango. Maso anali otsegula. Anandizindikira. Milomo inayenda, mawu sanatuluke. Ndinaika khutu pakamwa pawo. Khutu lomwe lija lomva njerwa. Sindinamve kanthu. Ndinayesa kuwamwetsa ndi supuni madzi a m'fulasiki ya amai Zulu. Anabwerera m'mbali mwa kamwa.

Lachitatu masana anatisiya. Esinati anafika Lachinayi. Tinawaika ku manda a Chingwere atavala mpango wawo woyera.

Tsono ndimveni, pakuti ena mudzathamangira kulemba pansipa. Sindikunena kuti fulasiki inapha mkazi wanga. Sindine wamisala. Matenda anali aakulu ndipo adokotala anali atandiuza. Chimene ndikunena ndi ichi. Mwa masiku ake otsiriza, anayi anagona ndi ludzu. Ndipo ola lomaliza limene akanatha kulankhula nane, ine ndinali chilili m'sitolo ya mapoto, kudikira chikhadabo kuti chiume. Zaka 51, ndipo mawu awo omaliza sindiwadziwa. Mwina anali a nyumba. Mwina a Esinati. Mwina ankafuna kundidzudzula. Ndikanalandira.

Patapita masiku 19 chilembereni fomu ija, foni inalira. Uthenga wa Chingerezi. Ndimatha kuwerenga pang'ono. Akuti kasitomala wokondedwa, bwerani mudzatenge katundu wanu.

Wokondedwa.

Ndinavala jekete yomwe ndinavala kumanda. Mutu unali ukadali wometa. Dzulo, 09:15, ndinalowa.

Mtsikana anandikumbukira ulendo uno. Zikhadabo zinali zobiriwira.

"Aa, ba shikulu ba foni! Mwaona? Tinakuuzani kuti tizakutandizani. Imwe chabe kupupuluma." Anaika bokosi pa kauntala. La tepi. "Ba mbuya bazakondwela manje."

Ndinatulutsa kampeni kanga ndi kudula tepi.

"Mukasegula muno..."

Ndinamuyang'ana. Sanamalize.

Ndinatulutsa fulasiki. Yatsopano, yonyezimira. Ndinatsegula chivindikiro. Ndinaika pakhutu. Ndinamvera nthawi yaitali, kuti ndisamunamizire munthu. Ndinasintha khutu.

Chitini.

Masiku 19. Fomu, reji, chidindo, kuyeza. Ndipo atenga ina m'mulu womwewo kumbuyo kuja ndi kundiitana kuti wokondedwa.

Ndinaitambasulira kwa mtsikana. Ndinati ikani pakhutu.

"Awe, ba shikulu, ine..."

"Ikani."

Mlonda anayandikira. Anaona mutu wanga wometa ndi jekete yakuda. Anaima pomwepo. Ameneyo anali ndi nzeru pang'ono kuposa anzake.

Mtsikana anaika pakhutu, akuyesa kumwetulira.

"Mukumva chiyani?"

"Kulibe."

"Mverani bwino. Netiweki iliko?"

"Kulibe chilichonse, ba shikulu."

Ndinati, "Ndizo zimene ndikumva m'nyumba mwanga. Ba mbuya anu tinaika ku Chingwere. Tsiku lija munapita kukapenta chikhadabo, ankandidikira."

Kumwetulira kunagwa. Anatsitsa fulasiki pang'onopang'ono. Anayamba kunena kuti sole, sanadziwe. Ndinamukumbutsa kuti ndinamuuza 08:40, ndi kuti tsikulo anandiyankha kuti onse ali ndi mapulobulemu. Maso ake anadzaza misozi. Sindinamutonthoze. Alire. Misozi ndi yofunda, imatsika bwino.

Ndinafunsa kuti manija ali kuti. Mtsikana anati apita ku banki.

Ndinayenda ndekha mpaka pa kachitseko kaja. Ndinagogoda katatu. Mkati mpando unakhuluka, kenako zii. Sanatsegule. Mwamuna wa tayi kubisala nkhalamba yonyamula chitini.

Popeza sanatuluke, ndimufunsira pano, ndipo ndikudziwa kuti alipo amene adzamuonetsa.

Fulasiki ya pa shelefu imalira, za m'mabokosi sizilira. Mukudziwa kapena simukudziwa? Ngati simukudziwa, mukugulitsa chiyani? Ngati mukudziwa, dzina lanu ndani?

Lamulo loti kutsegula bokosi kumapha galanti linalembedwa pati? Ndionetseni pepala.

Kwa amene amakuodetsani kuja, anayeza ndi chiyani masiku 19? Ine ndinayeza ndi ketulo ya amai a vitumbuwa mphindi zisanu, ndipo dzanja lanu ndi mboni.

Munali m'kachipinda maola anayi ndi theka mukudziwa kuti panja paima munthu. Nkhuku inatsika bwino?

Inu mtsikana, ndi inu a manija, sindikutembererani. Sindifunika kutero. Mudzakalamba. Tsiku lina mudzagona pa bedi, pakhosi pouma, maso kukhomo. Ndikupempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti wokutengerani madzi adzakumane ndi anthu onga inu.

Kwa inu ena nonse, fulasiki sagula ndi maso ndipo sagula ndi zolemba za pa bokosi. Musalipire ya pa shelefu ndi kunyamula ya kumbuyo. Imene mwaiyesa ndiyo mutenge. Tsegulani pomwepo. Ikani pakhutu. Akaseka, sekani nawo, koma musaichotse pakhutu. Ngati khutu lanu simulikhulupirira, dzanja silinama: thirani madzi owira, tsekani, dikirani mphindi zisanu, gwirani pakati. Ikafunda kunja, ndi chitini. Yang'ananinso kamphira ka m'chivindikiro, ndipo muitembenuze muone ngati ikudontha. Lisiti musaiike pamodzi ndi fulasiki. Ndipo wodwala wanu akakuuzani kuti zonse zili bwino, musamve pakamwa pake. Thirani madziwo pa dzanja lanu masana, mumve nokha.

Fulasiki yachiwiriyo ndinaitenga. Ndi yanga. Ndili nayo ntchito.

Ndalankhula ndi amai a vitumbuwa. Andipatsa malo pambali pawo, moyang'anana ndi khomo la sitolo. Kumeneko si kwa manija ndipo mlonda wake alibe mphamvu. Kuyambira Loweruka, 08:40, ndidzakhala pamenepo ndi mbaula yanga, ketulo, ndi wotchi. Chitini chawo chidzaima patsogolo panga chodzaza madzi owira, kuti aliyense wofuna agwire. Amene mwagula fulasiki mmenemo, wolokani msewu. Madzi ndi aulere. Mphindi zisanu. Ikatentha kunja, tibwerera limodzi pa kauntala, ndipo ndidzaima nanu mpaka banki ya m'kachipinda itatseguka.

Malasha ndagula thumba lathunthu. Nthawi ndili nayo. Kuchipatala sindipitanso.

Mbewe, George.